Zikho Zotuluka Thukuta za Kazem

Kwathu ku Shirazi, mumsika waukulu, muli kanjira kopanikiza komwe kale kunkakhala amisiri osema nyanga. Pakanjira kameneka pankagwira ntchito abale awiri a mimba imodzi, Kazem ndi mng'ono wake Yadollah. Onse anaphunzira ntchitoyi kwa bambo awo, ndi mipeni imodzimodzi, koma mwayi wawo sunafanane.

Kazem ankasema zipeso, zipande ndi zigwiriro za mipeni. Zinali zolimba ndithu, koma anthu ankangozitembenuza n'kuzisiya. Yadollah ankasema zomwezo, koma pa chilichonse ankajambulapo karikadani, nyama ija ya nyanga imodzi pamphumi, imene amati imabaya njovu koma ikaona namwali imagwada n'kugoneka mutu pamiyendo pake. Pasitolo yake sipankatha anthu. Amalonda ochokera kutali ankaima pamenepo n'kumakangana.

"Wanama apa, Yadollah," ankatero wamalonda wina wa ku India. "Kwathu ilipo. Ndi yonenepa ngati njati, chikopa chake chokhakhala."

"Njati ya chiyani?" ankayankha mzungu wina wogula nsalu. "Ndi hatchi yoyera ya ndevu zambuzi. Kwathu amailuka pansalu za m'nyumba za mafumu."

"Aliyense adzabwere ndi yake pachingwe, ndidzaijambula ulere," ankatero Yadollah. Onse ankaseka, ndipo onse ankagula.

Kazem ankamva kusekako ali pasitolo yake, mpeni uli m'manja, mtima ukuwira. Kunyumba kwake denga linkadontha. Mkazi wake Zarrin ankasoka zigamba pamwamba pa zigamba. Pamene Yadollah anagula nyumba ya mtengo wa makangaza pabwalo, Kazem anatha masiku atatu osadya bwino. Chimene chinkamupweteka koposa n'chakuti mng'ono wakeyo sanali wodzitama. Lachinayi lililonse ankatumiza mwana wake Nasrin ndi mbale ya mpunga ndi nyama ya nkhosa.

"Bambo aakulu, akuti mulaweko," ankatero Nasrin, kenako n'kuthamangira kukacheza ndi Golnar, mwana mmodzi yekha wa Kazem. Atsikana awiriwa anabadwa mwezi umodzi, ndipo tsopano anali ndi zaka khumi ndi zinayi.

"Akundidyetsa ngati wopemphapempha wa pakhomo la mzikiti," anadandaula Kazem tsiku lina.

"Ndiye musadye, bambo a Golnar," anayankha Zarrin. "Ife tidya. Njala ilibe ukulu."

M'mawa mwake Kazem sanatsegule sitolo. Dzuwa lili paliwombo analowera kuseri kwa mzinda, kumene amafufuta zikopa, komwe fungo limabweza ngakhale agalu. Kumeneko kunkakhala sing'anga wina wamkazi, Bibi Zivar, amene anthu ankamutchula monong'ona. Anamupeza atakhala pakhomo, akusenda adyo.

"Khalani pansi," anatero mayiyo osakweza maso. "Mwabwera ndi nkhope ya munthu amene waluma nkhuyu yosapsa."

"Mayi, ndatopa ndi umphawi. Ndikufuna chuma."

"Bodza. Amphawi ndi ambiri mumzinda muno, koma sabwera kudzanunkhiza zikopa zowola. Nenani bwinobwino."

Kazem anatsitsa mawu. "Ndikufuna ndikhale pamwamba pa mng'ono wanga. Adzaime pakhomo panga, adzanditche bwana."

"Eya. Tsopano mwalankhula."

Bibi Zivar analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kansalu kofiira. Mkati mwake munali nsonga ya nyanga, yaitali ngati chala, yakuda bii. Kumene inadulidwa kunkaoneka kachithunzi ngati kamunthu kotambasula manja. Kazem anali atagwira nyanga za mtundu uliwonse pamoyo wake, koma iyi inali yolemera ngati mtovu ndi yozizira ngati matalala.

"Mng'ono wanu amajambula karikadani," anatero mayiyo. "Inu mudzakhala ndi nyanga yake yeniyeni. Semani zikho ndi nyanga ya ng'ombe wamba, muzizikhudzitsa ndi iyi. Munthu akathira chiphe m'chikho chotero, chikhocho chidzatuluka thukuta ngati munthu wamalungo, ndipo ngakhale amwe sadzafa. Mukudziwa mmene akuluakulu a mzinda uno amaopera zakumwa za anzawo."

"Mtengo wake?"

"Ine sindidya siliva. Nyangayi ili ndi njala yakeyake. Nyama imeneyi siipuma pena paliponse koma pamiyendo pa namwali. Lachisanu lililonse, dzuwa lisanapendeke, nyangayi izigona pamiyendo pa namwali wa magazi anu. Ailandire yekha, mokondwa, chifukwa chokukondani. Wokakamizidwa sagwira ntchito."

"Basi? Kungoigoneka?"

Mayiyo anaseka, n'kuonetsa mano atatu. "Nanga chiphe chimene chikho chameza mukuganiza chimapita kuti? Chimauluka ngati utsi?"

Kazem anayang'ananso nyangayo. Ntchentche zinkalira pamwamba pa zikopa.

"Namwaliyo adzafa?"

"Wosenza mtsuko sangalephere kunyowa. Ena amanyowa pang'ono, ena kwambiri."

"Ndili ndi mwana mmodzi yekha," anatero Kazem, ndipo anayamba kudzuka. Koma asanawongoke, ganizo lina linamulowa, n'kukhalanso pansi. "Mwati wa magazi anga. Nanga mwana wa mng'ono wanga?"

Bibi Zivar anamuyang'ana kwa nthawi yoyamba, maso ndi maso. "Ine ndaona anthu, koma inu! Inde, amenewonso ndi magazi anu. Tengani. Koma dziwani kuti nyanga ikachoka pamutu siibwereranso."

Lachisanu lotsatira Kazem anaitana Nasrin, n'kumupatsa maswiti a uchi ndi chibangili cha mkuwa.

"Mwana wanga, ndithandize. Ndapatsidwa kanthu kodalitsa ntchito yanga, koma kamafuna kukhala pamiyendo pa mtsikana wa mtima woyera. Kanthawi kochepa basi. Usauze bambo ako, angandiseke."

"Bambo aakulu, chimenecho n'chovuta ngati?" anatero Nasrin. Anakhala pansi n'kuyala nyangayo pamiyendo. "Iii, kakuziziratu!"

Golnar anali ataima pakhomo, akuonerera. "Nanga ine, bambo? Mtima wanga ndi wakuda?"

"Iwe usadzakakhudze kameneka! Wamva? Choka apo!"

Golnar sanakalipiridwepo chotero chibadwire. Anachoka misozi ili m'maso, ndipo kuyambira tsiku limenelo akaona Nasrin akubwera Lachisanu ankalowa m'chipinda osamulonjera.

Chikho choyamba Kazem anapita nacho kwa kapitawo wa kunyumba ya bwanamkubwa. Kapitawoyo anaseka. "Zikho za karikadani zabodza taziona zambiri, mmisiri. Womaliza kutigulitsa anachoka wopanda khutu." Anathiramo mkaka, n'kudonthezeramo chiphe. Nthawi yomweyo chikhocho chinayamba kutuluka madontho kunja kwake, mpaka anayenderera padzanja. Anamwetsa galu mkakawo. Galuyo ananyambita, n'kugwedeza mchira, kupempha wina.

Kazem anabwerera ndi thumba la siliva limene ankalinyamula ndi manja awiri. Akudutsa pakhomo pa mng'ono wake anamva mawu a mkazi wa Yadollah: "Bweretsani madzi, mwanayu akusanza!" Anaima pang'ono, kenako anapitiriza ulendo.

Mbiri inawanda ngati moto wa chilimwe. Oweruza, akazembe ndi amalonda akuluakulu, aliyense ankafuna chikho cha Kazem. Ena ankachokera ku Isifahani pa ngamila. Chaka chisanathe Kazem anagula malo oyandikana ndi nyumba ya Yadollah, n'kumanga nyumba yosanja. Anauza omanga kuti khoma la mbali imeneyo alikweze, mpaka mthunzi wake unaphimba bwalo la mng'ono wake, ndipo mtengo wa makangaza uja unasiya kubala.

"Mwakweza chonchi, mukuopa akuba kapena mbalame?" anafunsa Zarrin.

"Vala silika wakoyo, usandifunse mafunso," anayankha Kazem.

Nasrin ankadwala modabwitsa. Sabata ina ankakhala bwinobwino, akuseka. Tsiku lina ankangogwa mwadzidzidzi, akugwira pamimba, milomo itada. Tsitsi lake linayamba kuthothoka. Yadollah anaitana asing'anga ophunzira onse a mumzinda. Onse ankanena chimodzi: mwanayu wadya chiphe. Koma chiphe chake chinkasintha, lero cha mtundu uwu, mawa cha mtundu wina, chonsecho mayi ake ankalawa chilichonse asanamupatse. Yadollah anasiya kusema. Anagulitsa makapeti, kenako sitolo, kenako nyumba, n'kukakhala m'kachipinda kobwereka pafupi ndi msika wa makala.

Nasrin atalephera kuyenda, Kazem ndiye anayamba kupita kwa iye. Lachisanu lililonse ankafika ndi mphesa, nyanga ili m'thumba, n'kupempha kuti amusiye yekha ndi wodwalayo kuti amupempherere.

"Mwabwera nako, bambo aakulu?" ankanong'ona mtsikanayo. "Ikani. Bola inuyo zikukuyenderani."

Potuluka, Yadollah ankamugwira dzanja. "Achimwene, anzanga onse anasiya kubwera. Inu nokha simuphonya. Mulungu akubwezereni."

Tsiku limene Kazem ankalilota linafika. Yadollah anaima pachipata cha nyumba yosanja ija, nsapato zitang'ambika, antchito akumufunsa dzina.

"Achimwene, ndilembeni ntchito. Iliyonse."

"Pano ogwira ntchito amanditcha bwana."

Yadollah anamuyang'ana, osamvetsa ngati n'zocheza. Kenako anaweramitsa mutu. "Ndilembeni ntchito, bwana."

Kazem anamuika pakona n'kumuuza kuti azijambula karikadani pazikho. Ankaganiza kuti mtima wake ukhala pansi tsopano. Koma ogula akanyamula chikho ankati, "Taonani nyamayi, ngati ipuma! Ili ndi dzanja la Yadollah, silisowa." Ndipo Kazem, atavala mphete zala zonse, ankamva kuwawa komwe kuja ankamva ali pasitolo yake yakale.

M'nyengo ya maluwa bwanamkubwa anakwatitsa mwana wake, ndipo anaitanitsa zikho makumi anayi za alendo olemekezeka. Masana a tsiku la ukwati, mdani wina anathira chiphe mumtsuko waukulu wa chakumwa. Zikho zonse makumi anayi zinatuluka thukuta nthawi imodzi. Panalibe mlendo amene anamva ngakhale mutu. Bwanamkubwa anavula mkanjo wake n'kumuveka Kazem pamaso pa anthu, oimba akuimba dzina lake.

Akutuluka pachipata, atavala mkanjowo, anakumana ndi mnansi wa Yadollah akuthamanga. Nasrin anali atakuwa kamodzi kokha, n'kutsirizika m'manja mwa mayi ake.

Anamuika m'manda tsiku lomwelo, Lachiwiri. Kazem ndiye anagula nsalu ya maliro. Yadollah sanalire mokweza. Anangokhala pambali pa manda akufunsa aliyense wodutsa, "Kodi ndinalakwira ndani?"

Lachitatu Kazem anapita kwa Bibi Zivar, n'kuponya kansalu kofiira kaja pamapazi ake.

"Tengani chinthu chanu. Zakwana."

"Chinthu changa? Ine ndilibe chikho ngakhale chimodzi mumzinda muno. Inu muli nazo zingati? Mazana awiri?"

"Ndikaiponya m'chitsime."

"Kaiponyeni. Koma dzuwa la Lachisanu likapendeka iyo isanapeze miyendo yogonapo, idzafuna chifuwa cha mwini wake. Chilichonse chimene zikho zanu zidzameze chizidzabwera kwa inu. Mwaona mmene kamtsikana kaja kanafotera. Inu mungapirire miyezi ingati?"

"Palibe njira ina? Ndigula kapolo. Ndilipira chilichonse."

"Wa magazi anu, wokukondani. Ndinanena Chiarabu kodi?" Mayiyo anatola kansaluko n'kukabwezera m'dzanja la Kazem, n'kupinda zala zake chimodzichimodzi. "Mwatsala ndi mmodzi. Pitani bwino."

Kazem anakatsekera nyangayo m'bokosi la mkungudza, kiyi n'kumumangirira m'khosi. Analumbira kuti bola afe yekha. Lachinayi lonse anakhala akulumbira. Koma nthawi zonse akatseka maso ankaona milomo yakuda ya Nasrin ndi zala zake zouma ngati timitengo, ndipo ankadzigwira pamimba.

Lachisanu m'mawa, akuvala kuti apite kumzikiti, Golnar analowa. Maso ake anali otupa, chifukwa imfa ya Nasrin inamupweteka kwambiri, makamaka pokumbukira kuti chaka chonse sankamulankhula.

"Bambo, ndikudziwa chimene chikukuvutani. Lero ndi Lachisanu, ndipo Nasrin kulibe. Chaka chonse munkamusankha iye. Munkamugulira zibangili, munkapita kwa iye, ine osandiyang'ana n'komwe. Kodi ine ndili ndi chilema chanji? Ndiloleni ndikuthandizeni, kamodzi kokha."

Kazem anatsegula pakamwa. Mawu amodzi okha akanakwanira. Anayang'ana mwana wakeyo, anayang'ana pawindo pomwe dzuwa linkakwera. Anavula chingwe cha m'khosi ngati munthu amene chikumuthina, n'kuika kiyi pamwamba pa bokosi, n'kutuluka.

Mumzikiti sanamve liwu limodzi la ulaliki. Pakati pa mapemphero anadzuka, n'kudumpha mizere ya anthu, kuthamanga wopanda nsapato. Anapeza Golnar atakhala pakapeti, nyanga ili pamiyendo pake, akumwetulira.

"Onani, bambo. Inenso ndikutha."

Kazem anailanda n'kuiponyera kukhoma, koma inali itagona kale.

Masiku amenewo mumzinda munali chipwirikiti. Bwanamkubwa ankasaka amene anathira chiphe paukwati, akuluakulu ankakayikirana, ndipo aliyense ankayesa kuchotsa mnzake asanachotsedwe. Panalibe tsiku limene chikho cha Kazem sichinatuluke thukuta penapake. Ena ankathiramo chiphe dala, pongofuna kudabwitsa alendo awo. Golnar anagwa tsiku lachitatu. Kazem sanamuikenso nyangayo pamiyendo, koma sizinathandize. Inali itamudziwa kale mtsikanayo.

Ndiye anayamba kuyenda khomo ndi khomo, atasenza matumba a siliva.

"Bwana, ndibwezereni chikho chija. Ndikupatsani kawiri mtengo wake. Katatu!"

"Wapenga? Chinandipulumutsa dzana lomweli. Kapena adani anga akutuma?"

"Ndiye chonde musamathiremo dala. Chonde, pali mwana..."

"Alonda, mutulutseni uyu."

Pazikho mazana awiri anabweza zisanu ndi chimodzi. Kunyumba zina anamumenya, kwina anamukhwizira agalu. Anabwerera kwa ofufuta zikopa, koma anapeza nyumba ya Bibi Zivar ili pululu, muli mbuzi za eni ake. Ofufutawo anati mayiyo anasamuka osatsanzika.

Golnar anatha masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Tsiku lomaliza, mbandakucha utadutsa, anaitana bambo ake n'kufunsa ndi mawu otsika, "Ntchito ikuyenda tsopano?" Kazem anagwa pansi n'kuyamba kulira ngati ng'ombe, ndipo pamaso pa Zarrin anaulula zonse, kuyambira tsiku limene anapita kwa sing'anga. Mtsikanayo anamva kapena sanamve, palibe akudziwa. Dzuwa lisanafike pamutu anali atapita.

Zarrin sanamutukwane. Anavula silika, n'kuvala chovala chake chakale cha zigamba, ndipo atachoka kumanda anapita molunjika kwa Yadollah kukamuuza. Sanabwererenso kunyumba yosanja ija.

Yadollah anabwera madzulo, dzuwa likadalipo. Antchito anathawa, poganiza kuti wabwera ndi mpeni. Anapeza mkulu wake atakhala pansi pabwalo, fumbi lili m'mutu. Anaima nthawi yaitali akumuyang'ana.

"Achimwene, Lachisanu lililonse ndinkakugwirani dzanja kukuthokozani," anatero. "Mukanandiuza kuti chikukupwetekani ndi manja angawa, ndikanawaika pachipika kuti muwadule. Mwanayo anakulakwirani chiyani?"

Yadollah anatuluka, ndipo sabata yomweyo iye ndi mkazi wake ananyamuka ndi amalonda a ngamila opita ku Basira. Sanasemenso kanthu moyo wake wonse.

Kazem anakhala yekha m'nyumbamo mwezi wathunthu. Antchito anatuta makapeti, mbale ndi siliva, iye akuona, osaletsa. Atatuluka sanalinso munthu. Anali atadzimangirira nyanga ija pamphumi ndi chingwe, mothina kwambiri mpaka mnofu unatupa n'kukwirira chingwecho. Ankayenda mumsika mutu uli pansi, akupalasa fumbi ndi phazi, n'kumagunda makoma mpaka magazi kuyenderera m'maso. Akaona mtsikana aliyense ankagwada pamaso pake n'kumapempha, "Ndigoneke mutu, mwana wanga, ndatopa." Amayi ankakuwa, abambo ankamuthamangitsa ndi ndodo. Nthawi zina ankagwa pakati pa njira akugwira pamimba, milomo itada, ndipo amisiri a pakanjira kaja ankayang'anana n'kunena kuti, "Wina wamwera m'chikho chake."

Anakhala chotero chilimwe chonse. Tsiku lina masana otunga madzi anamupeza atafa m'ngalande ya kuseri kwa msika, thupi litauma ngati chikuni. Osambitsa maliro anakana kukhudza nyangayo, ndipo anamuika nayo pamphumi pomwepo, kunja kwa manda a anthu. Pamaliro ake panali anthu anayi, onse olipidwa ndi mzikiti.

Umu ndi mmene anathera Kazem wosema nyanga. Umphawi wake unali wochizika, pakuti anali ndi ntchito m'manja, mkazi wopirira, mwana womukonda ndi m'bale wosamuiwala. Chimene chinalibe mankhwala ndi kaduka. Munthu wa kaduka sakhuta, chifukwa njala yake siili m'mimba mwake koma m'mbale ya mnzake. Ndipo chuma cha mankhwala sichibwera chaulere: amalipira ndi amene amakukonda, kuyambira amene ukuganiza kuti imfa yake siidzakupweteka. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Ukamupereka lero chifukwa cha dyera, dziwa kuti mawa chumacho chidzafuna wa m'nyumba mwako.